Kodi miyala ya kumwezi imaluma?

Funso: Akonzi, ku vidiyo sho pa Lizulu ndinaonera filimu ya Apollo 18. Amereka inatumiza anthu kumwezi mwachinsinsi, miyala n'kusanduka tizilombo tonga nkhanu, n'kumawalowa m'thupi. Womasulira analumbira kuti n'zoona, ine tulo osabwera. Zinachitikadi?
Wogulitsa kachewere, Ntcheu

Yankho: Achimwene, gonani mtima uli m'malo. Filimuyo ndi ya 2011, anaijambula dala mogwedezeka kuti ioneke yakalekale. Ulendo womaliza wa anthu wofika pamwezi unali Apollo 17, mu Disembala 1972. Wa 18 a NASA, bungwe la Amereka loona za maulendo a m'mlengalenga, anauthetsa mu 1970 ndalama zitachepa. Komanso chiroketi cha Saturn V chimene chinkanyamula anthu opita kumwezi, chotalika mamita 110, chophulitsa makutu chikamanyamuka, mungachibise pati? Miyala yolemera makilogalamu 382 imene anthu a maulendo onse a Apollo anabwera nayo kuchokera kumwezi ili phee, sinalumepo munthu.