Anyezi wa pamchenga amafuna manyowa kaye

Mayi wina wa ku Malindi wanditumizira imelo. Akuti dimba lawo lili pafupi ndi nyanja, dothi lake ndi lamchenga, ndipo chaka chatha anathira Urea kawiri, kachiwiriko anyezi atayamba kale kufufuma. Masamba anakongola, koma mitu inali ting'onoting'ono ndipo yambiri inawola m'nyumba. Akufunsa ngati chaka chino awonjezere feteleza.

Mayi, chonde musawonjezere. Ndalama imeneyo isungeni, muyambe mwalikonza dothilo.

Mizu ya anyezi ndi yaifupi, yambiri imathera m'masentimita 30 apamwamba. Tsono mchenga wathu wa kunyanja kuno susunga kanthu. Mukathirira m'mamawa, dzuwa likangokwera pamwamba pauma kale, ndipo feteleza watsika ndi madzi kupita kumene mizu singamupeze. Chimene chimagwira madzi ndi chakudya pamchenga ndi manyowa, ndipo palibe thumba la kusitolo limene lingagwire ntchito imeneyi.

Koma akhale manyowa owola bwino. Apa ndiima pang'ono chifukwa ineyo zinandionekera. Chaka china ndinafulumira, ndinatapa zitosi za nkhuku m'khola n'kuthira tsiku lomwelo, mawa lake n'kuwokera. Pasanathe sabata nsonga za mbande zinali zitapsa, bedi lonse mbuu, ndipo mtima unandiwawa kwambiri poganizira masabata onse amene ndinazilera ku nazale. Manyowa okhwima mumawadziwa ndi dzanja: mukapisa mkati mwa mulu simumva kutentha, amafumbutuka mukawafinya, ndipo fungo la khola latha. A mbuzi kapena a ng'ombe ndi abwino ndithu. Ine ndimathira ndowa ziwiri za malita 20 pa bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali, n'kusakaniza ndi khasu, kenaka ndimathirira n'kudikira masabata awiri ndisanawokere.

Kwanuko pangani mabedi olowa pansi, okhala ndi timizere m'mbali, kuti madzi asathawe. Anzathu a kumadambo, kumene kuli makande, iwo atukule mabedi, chifukwa anyezi amawola madzi akaima. Muphwanye zibuma zonse, muchotse timiyala. Pomwe panali anyezi kapena adyo chaka chatha papume kaye.

Feteleza ali ndi malo ake, sindikumukana. Powokera thirani NPK uja wokulitsa chimanga, 23:10:5+6S+1.0Zn, pang'ono, m'kamzere pambali pa mbande, osakhudzitsa mizu. Pakatha masabata atatu kapena anayi bwerezani ndi CAN kapena Urea, koma pamchenga ndi bwino kumugawa, pang'ono lero, pang'ono pakatha masabata awiri, n'kuthirira nthawi yomweyo. Mukangoona kuti mitu yayamba kukankha dothi, siyani. Feteleza wochedwa ndiye amanenepetsa khosi la anyezi, ndipo wa khosi lonenepa sauma bwino, n'chifukwa chake wanu uja anawola.

Nthawinso muiyang'ane. Fesani mu Malichi kapena Epulo, muwokere pakatha masabata 6 mpaka 8 mbande zikafika ngati pensulo, motalikana masentimita 10, kuti anyezi akule ndi kuzizira kwa mwera, kutentha kwa Okutobala kukamafika akhale atakhwima. Ngati mukufuna wosunga, fesani Red Creole, wofiira uja. Mulu wa manyowa muuyambe lero, muuphimbe ndi udzu ndipo muziuwaza madzi kuti usaume ndi dzuwa lathuli.