Kodi mawu a Channel Africa anapita kuti?

FUNSO: Malemu bambo anga anandisiyira wailesi ya mabatire. Kale ankamverapo Channel Africa ya Chinyanja pa SW (shortwave, pomvera mawailesi akutali), ndipo anachita kulemba kachizindikiro pagalasi kuti pasamawasowe. Ndaipukuta, ndagula mabatire atsopano, koma pakachizindikiropo pakungomveka phokoso ngati mvula pa malata. Kodi yafa? (Wowerenga wa ku Ntcheu)

YANKHO: Achimwene, wailesiyo musaiimbe mlandu. Chomwe chinazima chili kutali, ku South Africa.

Mawu amene bambo ankamva ankaulutsidwa kuchokera pafupi ndi Meyerton, kumwera kwa Johannesburg. Malowa anamangidwa kuti azitumikira Radio RSA, wailesi ya boma la tsankho yomwe inayamba mu 1966 pofuna kudziyeretsa pamaso pa maiko ena. Tsankho likutha, mu 1992, inasintha dzina n'kukhala Channel Africa. Nayo BBC inkabwereka makina a pomwepo kuti imveke kuno kwathu. Kampani ya Sentech, yomwe inkayendetsa malowa, inawazimitsa kumapeto kwa Malichi 2019.

Musaganize za kamlongoti ka foni kamene mumakaona paphiri. Awa anali malo aakulu ngati esiteti. M'nyumba munali makina oulutsira mawu a mphamvu ya 100, 250 mpaka 500 kilowatts. Kuti mumvetse, 500 kilowatts ndi mababu 5,000 a 100 watts atayaka nthawi imodzi, ndipo awo ndi makina amodzi okha. Mkati mwa makina oterewa mumakhala mavavu akuluakulu (machubu okuza mphamvu ya mawu) amene amatentha koopsa, moti amawaziziritsa ndi madzi oyenda m'mapaipi. Panja pamakhala nsanja zazitali zachitsulo, ndipo pakati pake pamalendewera mawaya olukanalukana ngati ukonde wa asodzi woyanikidwa. Ukonde uliwonse umaloza dera lake.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ulendo wa mawuwo. Sayenda chokwawa pansi ayi. Amawaponya m'mwamba mopendeketsa, amakagunda mpweya wina wa kutali kuthambo wotchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi patali makilomita mazanamazana. N'chifukwa chake phiri la Dedza silikanawatchinga. Mpweyawo umasintha dzuwa likatuluka kapena kulowa, ndiye mawu ankati akwera, kenaka atsika, ngati munthu wolankhula kumphepo. Ndikukumbukira ndili mwana amalume akunditumiza mu mtengo wa mango kukamanga waya woti wailesi izikoka bwino. Ndinatsika ndi nyerere thupi lonse, koma nkhani za usiku umenewo tinazimva.

Nanga anatsekeranji? Ndalama. Makina otere amadya magetsi ngati njovu m'munda wa chimanga, zipangizo zinali zitakalamba, ndipo omvera ambiri anali atasamukira ku FM ndi pa foni. Kunena zoona ine zinandiwawa, chifukwa SW sifuna bandulo, komanso boma lililonse limavutika kuitseka pakamwa popeza mawu amagwa kuchokera kumwamba. Amene anasiyidwa padzuwa ndi anthu a kumudzi kumene netiweki imachita kufunidwa pa chulu.

Channel Africa mungaifufuze pa intaneti. Koma wailesi ya bamboyo iyeseni usiku: kokani eriyo yonse, khalani kutali ndi tchaja ya foni chifukwa imabweretsa phokoso, ndipo muzipotokola pang'onopang'ono. Kachizindikiro kaja musakafute.