Yankho: Kawerengedwe ka operating cycle ya kampani

Bambo, mwafunsa mmene mungadziwire masiku amene amadutsa kuchokera pomwe sitolo yanu ya ku Chinamwali yapikula katundu kufikira pomwe ndalama za katunduyo zalowa m'thumba. Nthawi imeneyi ndi imene imatchedwa operating cycle. Manambala ofunika ali mu balance sheet (lipoti la chuma ndi ngongole za bizinesi) ndi income statement (lipoti la malonda, ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito ndi phindu).

Phatikizani mtengo wa katundu amene anali m'sitolo kumayambiriro ndi kumapeto kwa chaka, mugawe pawiri. Zimene mwapezazo muzigawe ndi mtengo wogulira katundu yense amene munagulitsa chakacho, kenaka muchulukitse ndi 365. Tiyerekeze kuti mutagawa pawiri mwapeza K10 miliyoni, ndipo mtengo wogulira katundu amene munagulitsa ndi K73 miliyoni: katundu amakhala pashelefu masiku 50. Chitaninso chimodzimodzi ndi ngongole zimene makasitomala sanabweze, koma muzigawe ndi malonda a pangongole okha. K4 miliyoni pa K36.5 miliyoni ikupereka masiku 40. Mukaphatikiza masiku 50 ndi 40, operating cycle yanu ndi masiku 90.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Ngati mumagulitsa kwambiri sukulu zikamatsegulira, kapena ophunzira a UNIMA akabwerera, manambala a tsiku lotsekera mabuku akhoza kukunamizani, choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito a mwezi uliwonse. Pa masiku 90 aja, mukachotsapo masiku amene mumatenga musanalipire okupatsani katundu, mupeza nthawi imene ndalama zanuzanu zimakhala zitamangika.