Ankatseka sukulu ndani ku Germany?

Achimwene, mwafunsa kuti nthawi ya Covid-19 ku Germany ankalamula zotseka sukulu ndani, boma la ku Berlin kapena zigawo. Mphamvuzo zinali m'manja mwa zigawo zonse 16, chilichonse ndi mtsogoleri wake. Angela Merkel, yemwe ankatsogolera boma la ku Berlin nthawiyo, ankangowaitanitsa atsogoleri a zigawowo ku msonkhano n'kumanga mfundo potengera ziwerengero za Robert Koch Institute, bungwe la boma loona za matenda. Koma akabalalika aliyense ankakachita zake, chigawo cha Bavaria kukhwimitsa, ena kufewetsa. Anthu zinawatopetsa, ndipo ine sindingawadzudzule.

Mu Epulo 2021 aphungu anakhazikitsa lamulo limodzi la dziko lonse: dera likapitirira odwala atsopano 100 pa anthu 100,000 pa sabata, kuyenda usiku kuletsedwe kuyambira 10 koloko, likapitirira 165, ana aziphunzirira kunyumba.