Kwa achimwene a ku Salima ofuna kugula boti kuti azinyamula alendo

Achimwene, funso lanu taliona. Mwati mwasunga kangachepe, mumakonda kuyenda, ndipo mukufuna kusiya ntchito, kugula boti ndi injini, n'kuyamba kutengera alendo ku zilumba za ku Senga Bay ndi ku nkhalango ya Nkhotakota, kuti ulendo womwewo uzikudyetsani. Ambiri m'gulu muno akuuzani kale kuti pitani nazoni. Ifenso sitikukuletsani. Koma boti musagule chaka choyamba, ndipo ntchito musaisiye musanaone mwera umodzi wathunthu mukuchita bizinesiyi Loweruka ndi Lamlungu lokha.

Nkhani yagona pa mphepo. Alendo ochokera kunja amachuluka kuyambira June mpaka October, mvula itatha, misewu itauma. Mwera nawo umaomba kuyambira May mpaka cha m'ma August kapena September, ndipo umakula kwambiri mu June ndi July. Ndiye kuti miyezi imene makasitomala ali pakhomo ndi yomweyo imene nyanja imakana. Mwera ukakwiya umatha masiku atatu kapena anayi osapuma, asodzi a chilimira ali khale pagombe kusoka maukonde. Amene anathira mpamba wonse mu boti amayamba kuwerengera ngongole m'malo moyang'ana mafunde, ndipo tsiku lina amanyamula anthu pamene asodzi enieni akana kulowa. Ngozi zina za m'madzi zimayambira pamenepo, pa ngongole. Amene alibe boti lakelake amangouza alendo kuti lero nyanja yakana, tiyeni ku Kuti Wildlife Reserve tikaone mbidzi, ndipo tsikulo amadyabe.

Choncho yambani ndi maulendo atatu, awiri a pamtunda, umodzi wa pamadzi. Wa pamadzi wapafupi ndi wa ku Namalenje, chilumba chomwe alendo amachitchula kuti Lizard Island, choonekera pagombe la Senga Bay. Muli ndi mwayi woonetsa mbuna pakati pa miyala, ming'azi, ndi nkhwazi yomwe imatsika kudzatola nsomba mukaiponyera. Zilumba za Maleri zili patali ndithu, ndipo ndi gawo la Lake Malawi National Park, kotero ndalama yolowera ilowe pamtengo wanu. Wa pamtunda woyamba ndi Kuti Wildlife Reserve, pafupi ndi boma la Salima, komwe kulibe mikango kapena njovu, ndiye anthu amayenda pansi kapena panjinga momasuka. Umenewu ndi ulendo wokupulumutsani tsiku la mwera. Wachitatu ndi wa ku Nkhotakota, makilomita opitirira pang'ono 100 pamsewu wa M5, kudutsa pa Chia. Umafuna kugona usiku umodzi. Oyesa kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo amathera tsiku lonse m'galimoto, alendo n'kubwerako atakwinya nkhope.

Za ku Nkhotakota tinenepo zambiri, chifukwa ndi kumene otsogolera alendo atsopano amachitira manyazi. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mlendo akamva chiwerengerocho amaganiza kuti njovu azikazipeza pageti. Ayi. Ndi nkhalango yowirira ya miombo ndi mapiri, nyama zimabisika, ndipo mutha kuyenda m'mawa wonse n'kungoona ndowe ndi mitengo yothyoka. Muuzeni zimenezi asanalipire. Gulitsani kuyenda pansi m'mbali mwa mtsinje wa Bua, mbalame, ndi phiri la Chipata. Njovu ikaoneka ikhale basera. Kuyenda pansi m'nkhalangomo n'kololedwa pokhapokha muli ndi mlonda wa nkhalango wa mfuti, ndipo ameneyu mumamupangira dongosolo pasadakhale, osati kufika n'kuyamba kufunsa. Kashembe alipo, amakopeka ndi zovala za buluu ndi zakuda, ndiye uzani alendo usiku wake kuti avale zofiirira kapena zotuwa, za manja aatali. Wina akadzamva malungo atabwerako, auze adokotala kuti analumidwa ndi kashembe, chifukwa kaodzera amayamba ngati malungo. Pobwerera imani pa boma la Nkhotakota, pamtengo pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, ndipo mbiri ya malonda a akapolo omwe ankawolotsedwa panyanjapo kupita ku Kilwa muidziwe bwino. Alendo ena anaiwerenga kale, mukapeka adzakugwirani.

Boti la ku Namalenje bwerekani kwa mwini wake, limodzi ndi woyendetsa wake, pamtengo wa ulendo umodzi. Musanagwirizane naye, kwerani nokha kawiri popanda mlendo. Onani pansi pa matabwa ngati mukulowa madzi, onani ngati injini ikulira pokoka chingwe kawiri kapena katatu, ndipo ikalira yang'anani kamadzi kamene kamathovoka kumbuyo kwa injini. Kamadzi kameneko kakasiya, ndiye kuti impela (kachipangizo kopopa madzi oziziritsa injini) yatha kapena mchenga watseka, ndipo injini itentha pasanathe mphindi zochepa. Zimachitika kawirikawiri kwa oyendetsa amene amalizira injini pamadzi osaya, pulopela ikutakasa mchenga.

Injini zofala kunyanja kuno ndi za Yamaha Enduro za 15 HP, zosakaniza petulo ndi oilo. Muyezo wake nthawi zambiri ndi 50:1, kutanthauza 20 ml ya oilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa thanki ya malita 25. Injini yatsopano imafuna oilo wochulukirapo maola oyamba, monga likunenera buku lake. Oilo akachepa pisitoni imagwira. Akachuluka pulagi imada, injini n'kumazima pakati pa nyanja. Oilo wa galimoto musalole. Injini yotereyi ikamathamanga mphamvu zonse imamwa malita 7 kapena 8 pa ola, ndipo mafuta muziwagawa patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Pobwerera molimbana ndi mphepo boti limamwa kuposa popita, n'chifukwa chake owerengera mafuta ndendende amathera pa nkhafi. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, a m'zigubu am'mbali mwa msewu amakhala ndi madzi kapena parafini. Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, dikirani kanthawi. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino.

Zimene siziyenera kusowa m'boti: laifi jaketi ya munthu aliyense, kuphatikizapo zazing'ono za ana, nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake chachitali, chigubu chodula chokapira madzi, mapulagi awiri ndi sipanala yake, chingwe china cholizira injini, pini ya pulopela, tochi, ndi foni yodzaza moto m'jumbo yomanga pakamwa. Ngati pali chinthu chimodzi choti mugule ndi ndalama zanu lero, ndi malaifi jaketi abwino asanu ndi atatu ndi magalasi osambirira, chifukwa zimenezi mumayenda nazo pa boti lililonse. Jaketi ivalidwe pagombe, boti lisanasunthe. Woikana atsale, ngakhale atakhala bwana wa ku Capital Hill. Nyamukani m'mawa, nyanja isanadzuke, ndipo mukhale mutabwerako dzuwa lisanapendeke. Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo, amalengeza mwera pawailesi ndi pa Facebook, koma funsaninso asodzi akuluakulu a padoko. Nyengo ya mvula vuto limakhala mpoto ndi mphenzi, zomwe zimabwera mwadzidzidzi masana. Ndipo siyani munthu pamtunda wodziwa kumene mwapita, anthu angati, ndi nthawi yobwerera.

Alendo adzakufunsani za likodzo. Musanene kuti kulibe. Nkhono zake zimakonda madzi odekha, a m'bango ndi pafupi ndi midzi, ndipo mankhwala a praziquantel amagwira bwino pakadutsa masabata 6 mpaka 8 munthu atasamba m'madzimo, osati tsiku lomwelo. Pamathiriro a mitsinje ndi ku Chia kuli mvuu ndi ng'ona. Kumeneko palibe kusambira, ngakhale kutatentha chotani, ndipo mvuu ya mwana muilambalale patali.

Tibwere ku mtengo, pomwe ambiri amagwera. Lembani papepala: boti ndi woyendetsa, mafuta, ndalama zolowera kumalo otetezedwa (za Amalawi ndi za akunja zimasiyana), chakudya ndi madzi akumwa, komishoni ya loji kapena munthu amene wakupatsani alendo, malipiro anu a tsikulo, kenako onjezerani gawo limodzi mwa magawo asanu la zonsezo kuti likhale la zogwa mwadzidzidzi. Mukaphatikiza, gawani ndi anthu anayi, osati khumi amene boti lingathe kunyamula. Masiku ambiri mudzakhala ndi awiri kapena atatu, ndiye khalani ndi mtengo wa boti lonse umene sutsika ngakhale atabwera mmodzi. Malipiro anu musawaiwale. Ambiri amaona ndalama yatsala m'thumba n'kumati ndi phindu, chonsecho agwira ganyu yaulere tsiku lonse. Tengani theka ngati dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lembani pa WhatsApp, mlendo asanatumize, kuti mwera ukaletsa ulendo asankha kusintha tsiku, kupita ku Kuti, kapena kubwezeredwa. Musalonjeze mtengo wa kwacha wa miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, mafuta n'kukwera, ndipo amene anali atalandira kale ndalama za Khirisimasi anayendetsa maulendowo ndi za m'thumba mwawo.

Musadalire azungu okha. Lilongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo kuchoka pa Salima kufika ku Senga Bay ndi ngati 20. Mabanja a mumzinda, magulu a kumpingo, ana asukulu ndi obwera kumisonkhano m'maloji ndi amene amabwera chaka chonse, makamaka pa Pasaka, pa Tsiku la Anakubala pa 15 October, ndi pa Khirisimasi. Amanenerera mtengo, inde, koma amabweranso ndi anzawo. Masiku amenewa ndi omwenso anthu amamira kwambiri chifukwa cha mowa, ndiye woledzera asakwere.

Za mapepala ndi zachidule koma musazidumphe. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, ndipo funsani ku nthambi ya zokopa alendo za chiphaso cha wotsogolera kapena wokonza maulendo. Boti lonyamula anthu liyenera kukhala lolembetsedwa ndi kuyesedwa ndi a Marine (nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi), woyendetsa akhale ndi chiphaso chake. Sukulu ya zapamadzi ili ku Monkey Bay. Maloji akuluakulu sapereka alendo awo kwa munthu wopanda mapepala ndi inshuwalansi. Mapepala a boma akatha, pali ena osalembedwa. Kaonekereni kwa amfumu a padoko ndi kwa a komiti yoyang'anira usodzi padoko (BVC), muwauze chimene mukufuna kuchita. Anyamata amene akhala akunyamula alendo pagombelo zaka zonsezi musawapondereze. Apatseni gawo lawo akakubweretserani munthu, apo ayi mudzapeza mbiri yanu yaipa musanayambe. Chilumba cha Mbenje chili ndi malamulo ake a amfumu a Makanjira: chimatsekedwa miyezi ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo akazi ndi mowa saloledwa, choncho musachiike pa pulogalamu mwachisawawa. Mlendo asajambule asodzi kapena amayi oyanika usipa asanapemphe.

Mwanenanso kuti mukufuna moyo woyendayenda. Dziwani kuti wotsogolera alendo amaponda njira imodzimodziyo mpaka kuiloweza ngati ya kuchigayo. Miyezi ya ndalama simudzachoka pa Senga Bay, foni ili kukhutu, mukuthamangitsa wophika, wa galimoto ndi wa mafuta. Maulendo anuanu adzakhala a January mpaka March, bizinesi itazizira, ndipo ndi nthawi yovuta kuyenda: milatho ya pa M5 imakokoloka, ndipo mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kumiza magombe ndi zipinda za maloji ena. Komabe ndi nthawi yomweyo yokaona njira zatsopano zodzagulitsa, kaya ndi Mua, kaya Ntchisi, kaya Likoma pa Ilala. Za Ilala, mlendo musamulonjeze tsiku lofika musanaimbe foni kufunsa sabata yomweyo, chifukwa ndondomeko yake ndi madoko amene imaima zimasintha. Ndalama ya maulendo anu ichoke m'malipiro anu, isachoke mu mpamba. Khalani ndi manambala awiri a foni, ina ya bizinesi, ina yanu.

Boti mudzagule pamene kope lanu likuonetsa kuti ndalama imene mwalipira eni maboti m'chaka chathunthu ikuposa mtengo wosamalira lanu, mutawerengera woyendetsa, mlonda wa usiku (injini zimabedwa, muzichotsa n'kukagona nayo m'nyumba), utoto, phula lomatira, ndi impela yatsopano chaka ndi chaka. Mukafika pogula injini yogwirapo kale ntchito, musaiyesere mu diramu pamsika. Imangeni pa boti, mukweze anthu asanu, muyende nayo theka la ola. Kenako masulani kabawuti ka pansi pa giya muone oilo: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa, ndipo mtengo wosinthira masilo (timphira totchinga madzi) uchotsedwe pa ndalama imene mukulipira.