Agalu a aneba aluma mwana ku Chilomoni: zoyenera kuchita mwa lamulo

Mayi,

Ndawerenga dandaulo lanu lokhudza agalu atatu a aneba anu, omwe amawamasula madzulo geti lili chitsekulire, ndipo mmodzi mwa agaluwo adaluma mwana wanu pamwendo pamene ankachokera kogula makala. Mwafunsa ngati mungakhale ndi mlandu mutawathirira tameki m'nyama, popeza mwiniwake akadandauliridwa amangoyankha kuti agaluwo ndi alonda ake.

Inde, mungakhale nawo mlandu. Galu ndi katundu wa mwiniwake, ndipo kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha munthu wina ndi mlandu m'malamulo a Penal Code, pomwe lamulo la Protection of Animals Act limaletsanso kuchitira nyama nkhanza. Mukatero, inu amene mwalakwiridwa ndinu mudzayamba kugona m'chitokosi, osanenanso kuti nyama ya tamekiyo angathe kuitola ndi mwana wa pakhomo lina. Kudziteteza pa nthawi imene galu akukulumphirani ndi nkhani ina. Kutchera msampha usiku si kudziteteza.

Komatu malamulo sali kumbali ya aneba anuwo. Penal Code yomweyo imati munthu amene salabadira kutchinjiriza anzake ku ngozi yochokera kwa nyama imene akusunga, mpaka kuika moyo wa ena pachiswe, wapalamula. Choncho kanenani ku polisi, ndipo akupatseni kalata yoti adokotala alembepo za balalo. Ngati mwanayo sanabayidwe katemera wa chiwewe, pitani naye lero lomwe ku chipatala cha kufupi kapena ku Queen Elizabeth ngakhale bala litapola, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Funsaninso mwini agaluwo akuonetseni chiphaso cha katemera wawo. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera waulere mu Blantyre muno, kotero wonena kuti analibe ndalama sindingamumvere chisoni. Akakana, kadziwitseni a zaumoyo ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre ndiponso alangizi a ziweto, omwe lamulo la Control and Diseases of Animals Act limawapatsa mphamvu pa nkhani za chiwewe.

Tsono pa chipepeso ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Bwalo likamaweruza mlandu wa galu woluma, funso lalikulu limakhala lakuti: kodi mwiniwake ankadziwa kale kuti galuyo ndi wolusa? Ngati ankadziwa, ayenera kulipira, ndipo sangazembe ponena kuti unyolo udaduka kapena kuti wantchito ndiye adaiwala kutseka geti. Ngati palibe umboni woti ankadziwa, mlandu suthera pomwepo, koma mudzayenera kuonetsa kuti adachita mosasamala, ndipo imeneyi ndi njira yotalikirapo. Vuto ndi lakuti madandaulo a pakati pa anansi amanenedwa pakamwa, munthu ali chilili pa mpanda, ndipo tsiku la mlandu mnzanuyo amalumbira kuti aka n'koyamba kumva.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muwalembere kalata yaulemu, yotchula tsiku limene mwana adalumidwa, masiku ena amene agaluwo adathamangitsa anthu, ndalama zimene mwawononga, ndi pempho lakuti aziwamanga kapena kuwatsekera. Mukaipereke pamaso pa amfumu a m'dera lanu kapena a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo kope lina musunge. Sungani malisiti, buku la kuchipatala, zithunzi za bala, ngakhale kabudula wong'ambikayo, musamuchape n'kumusoka. Mayi wogulitsa makala uja, ngati adaona, ndi mboni yofunika kuposa achibale anu.

Akalolera kulipira, mgwirizanowo ulembedwe ndi kusainidwa. Akakana, kasumeni ku bwalo la majisitireti, komwe mungapemphe ndalama za mankhwala ndi zoyendera, komanso chipepeso cha ululu ndi chipsera chimene mwanayo watsala nacho. Poti iye ndi wamng'ono, mlandu udzalembedwa m'dzina lake kudzera mwa inu. Chiletso chokakamiza aneba kutsekera agalu chimapemphedwa ku High Court ku Chichiri, ndipo kumeneko mpofunika loya. Ngati thumba silikulola, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau. Musazengereze, pakuti lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu pa milandu ya kuvulazidwa, ndipo mboni za m'tauni, zambiri zokhala m'nyumba za lendi, zimasamuka zaka zitatuzo zisanakwane.