Kodi ma REU a topology ndi analysis amabisala kuti?

Imelo iyi yachokera kwa mtsikana wina wa chaka chachitatu pa yunivesite, akuchita masamu. Akuti amakonda topology ndi analysis, akufuna kukachita kafukufuku pa holide ya Juni mpaka Ogasiti, koma mndandanda uliwonse wa ma REU (Research Experiences for Undergraduates, mapulogalamu a kafukufuku a ophunzira a digiri yoyamba) umene watsegula akungoona combinatorics, graph theory, number theory basi. Funso lake ndi lakuti, kodi za iye kulibe, kapena akusaka molakwika?

Achemwali, zilipo, vuto nlakuti mukusaka dzina la kosi pomwe mapulojekitiwo amatchedwa maina ena. Chifukwa chake si chovuta kumva. REU ya ku America, yomwe bungwe la boma lothandiza sayansi la NSF (National Science Foundation) lakhala likulipira kuyambira 1987, imatenga masabata 8 mpaka 10 okha, nde pulofesa amafuna funso loti mwana wa sukulu alimve tsiku loyamba n'kuyamba kulimbana nalo sabata yomweyo. Funso la graph ungalijambule pa bolodi mphindi zisanu. Funso la algebraic topology mwina muyenera kuwerenga chaka chathunthu kuti mungomva chimene akufunsa. Nde amene amakonda topology amalowera pa makomo ang'onoang'ono, ndipo makomowo ndi amene muzilemba pa Google: knot theory, braids, surfaces, persistent homology. Ku analysis sakani fractals, dynamical systems, minimal surfaces, harmonic analysis.

Knot theory musaipeputse ayi, ndi topology yeniyeni. Tengani chingwe, mangani mfundo ya trefoil, lumikizani nsonga zake, mujambule papepala. Muona malo atatu pomwe chingwe chikudutsa pamwamba pa chinzake, ndi tizidutswa titatu. Pakani kachidutswa kalikonse mtundu wake, kofiira, kobiriwira, kachikasu, lamulo lake nlakuti pomwe zingwe zadutsana mitundu ikhale yofanana yonse kapena yosiyana yonse, komanso musagwiritse mtundu umodzi wokha pa chithunzi chonse. Trefoil imalola, bwalo lopanda mfundo silingalole, ndipo ma move atatu a Reidemeister, njira zitatu zosunthira chingwe pa chithunzi popanda kudula, sasintha zimenezi olo mupotokole chingwecho bwanji. Basitu mwatsimikiza kuti trefoil singamasuke popanda kudula. Mapulojekiti ambiri amayambira pa zinthu ngati zimenezi kenako n'kufika pomwe palibe amene akudziwa yankho.

Malo oti muyang'ane kaye ndi SMALL ya ku Williams College ku Massachusetts, inayamba 1988, ndipo Colin Adams wakhala akutsogolera magulu a knot theory kumeneko kwa zaka zambiri. Komweko mu 1990 gulu la ophunzira pansi pa Frank Morgan linatsimikiza double bubble ya pa plane, kuti njira yachidule kwambiri yotchingira malo awiri ndi ija thovu ziwiri za sopo zimapanga zikagundana, pepala lawo linatuluka 1993 mu Pacific Journal of Mathematics. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa anali ana a digiri yoyamba ngati inuyo. Ku Cornell malemu Robert Strichartz anayendetsa kwa nthawi yaitali mapulojekiti a analysis pa fractals, makamaka Sierpinski gasket, triangle ija mumachotsa pakati mobwerezabwereza, nkumafunsa kuti kutentha kungayende bwanji pa chinthu chobowokabowoka chonchi, ndipo poyambira pake ndi ma graph ndi ma matrix, zinthu zoti mukuzidziwa kale. Ya ku University of Chicago ya Peter May ndi yosiyana pang'ono, kumeneko mumaphunzira kwambiri kenako nkulemba pepala lofotokoza mutu umene mwasankha, ndipo mapepala a zaka zam'mbuyo ali pa intaneti, kawerengeni awiri atatu muone mulingo wake. Ngati mtima wanu uli pa algebraic topology ine ndingayambire pamenepo.

Koma chonde musadalire maina ndatchulawa okha, mitu imasintha chaka ndi chaka kutengera pulofesa amene alipo, komanso ndalama za NSF zimaperekedwa kwa zaka zowerengeka, pulogalamu yomwe inalipo chaka chatha mwina chino kulibe. Tsegulani mndandanda wa American Mathematical Society, wa NSF, ndi MathPrograms.org kuyambira Disembala, mulowe tsamba lililonse muwerenge mapulojekiti enieniwo, osangoona mutu wa pamwamba. Ndi ntchito yotopetsa koma palibe chidule. Ambiri amatseka mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi.

Chinthu china simunanene mu imelo, pasipoti yanu. Ndalama za REU za NSF zimapita kwa nzika za America ndi okhala ndi green card basi. Ngati si inu, musataye mtima, masukulu ena amakhala ndi ndalama zawozawo za ophunzira akunja, alembereni muwafunse musanavutike ndi fomu. Palinso Fields Institute ku Toronto yomwe pulogalamu yake imalandira ophunzira a maiko ena, ISTernship ya ku ISTA (Institute of Science and Technology Austria) komwe kuli Herbert Edelsbrunner, m'modzi mwa anthu amene anayambitsa persistent homology, ndi Polymath Jr yomwe inayamba 2020, iyoyi ndi ya pa intaneti basi, magulu ake ndi akuluakulu nde mufunika kudzikankha nokha kuti musasowe m'chigulu.

Poapulaya, kalata yokuchitirani umboni ya lekichala amene anakuphunzitsani real analysis kapena topology nakuonani mukuvutika ndi ma proof imalemera kuposa ya pulofesa wotchuka amene sakukudziwani nkhope. Mupempheni kudakali mwezi. M'kalata yanu musalembe zoti mwakonda masamu kuyambira muli mwana, aliyense amalemba zomwezo, tchulani theorem imodzi imene inakusowetsani tulo ndi chimene chinakuvutani pamenepo. Ndipo apulayani malo ambiri, khumi si ochuluka, chifukwa malo amodzi amatenga anthu mwina khumi okha.

Zikakanika konse, gogodani pa ofesi ya lekichala wa pa sukulu yanu yomweyo mumupemphe kuti muziwerenga naye fundamental group kapena measure theory kamodzi pa sabata holide yonse, kumapeto mulembe masamba khumi a zimene mwamva. Kalata ya chaka chamawa idzachokera kwa iyeyo.